Tisawabisire pepala amayi ophunzira kuluka

Mwezi wa June ukafika kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, palibe amene amafunsa chifukwa chimene amayi amalukira. Mphepo yochokera kumapiri a Dómuè imalowa mpaka m'mafupa, ndipo khanda lobadwa nyengo imeneyi likapanda chipewa ndi masokosi, agogo ake sagona tulo. Anzathu a mumzinda wa Tete, kumene dzuwa limawotcha ngati ng'anjo, amatiseka akamva kuti tikuluka majuzi, koma ndi iwo omwewo amene amatumiza uthenga kuti tiwalukire madoilo a pamipando ndi zikwama za m'manja. Ntchito ilipo, ndipo ofuna kuiphunzira ndi ambiri. Loweruka lililonse masana ndimakhala pakhonde la tchalitchi chathu ku Ulónguè ndi amayi ndi atsikana amene angogwira kumene singano ya kroshe. Zaka zimene ndakhala pakhondepo zandisiyira maganizo amene anzanga ambiri ophunzitsa kuluka amawakana: wophunzira azikumana ndi pateni ya papepala sabata yachiwiri kapena yachitatu, manja akadali olimba, ngakhale akhale mayi amene sanapondeko m'kalasi.

Njira imene tonse tinaphunzirira ndi yodziwika. Mphunzitsi amakhala pamphasa, wophunzira pambali pake, n'kumati, "Onani manja angawa amayi, chitani chimodzimodzi." Njirayi ili ndi ubwino wake, sindikukana. Pakatha masabata atatu munthu amakhala ataluka kachipewa ka mwana, amapita nako kunyumba akumwetulira, bambo akunyumba n'kuyamba kuiwala zodandaula ndalama ya ulusi. Inenso ndinaphunzitsa choncho zaka zingapo, ndikudziyesa katswiri.

Amene anandichotsa matama ndi mayi wina amene anaphunzira kwa ine miyezi itatu, kenako n'kusamukira ku Moatize kumene amuna awo anapeza ntchito kumigodi ya malasha. Manja awo anali abwino kuposa anga, maponto awo, timfundo timene singano imapanga ndi ulusi, olingana ngati mano a chipeso. Patapita miyezi ingapo anandiimbira foni. "Aphunzitsi, chipewa chija chandikanika. Ndikaluka chikumapindika ngati mbale ya ndiwo chisanakule n'komwe. Ndikamasula n'kuyambiranso, chikumachita makwinya ngati tsamba la kabichi." Ndinawafunsa kuti pamzere wachitatu akumakhala ndi maponto angati. Anakhala chete kaye, kenako anati, "Kodi paja timawerenga?"

Tinkawerenga ndithu, koma wowerengayo ndinali ine. Iwo ankangomva mawu anga akuti apa ikani awiri, apa limodzi, manja n'kumatsatira. Chonsecho nzeru yonse ya chipewa chija ndi manambala anayi: 12, 24, 36, 48. Mukamaluka chozungulira ndi ponto lalitali, mumayamba ndi maponto 12, ndipo mzere uliwonse mumawonjezera ena 12 kuti chinthucho chigone bwinobwino ngati chivundikiro cha poto. Mukawonjezera ochepa chimapindika, mukawonjezera ambiri chimachita makwinya. Mukasiya kuwonjezera, m'mbali mumayamba kutsika, chipewa n'kuoneka. Zonsezi zikanakwana pakapepala kochepa ngati kakhadi ka mayunitsi a foni. Ine ndinawalola kukwera galimoto ya ku Moatize opanda kapepalako, ndipo mlanduwo ndi wanga.

Anzanga akandimva ndikunena izi amathamangira kwa agogo. Amati agogo athu ankaluka madoilo ndi nsalu za patebulo zokongola kuposa zathu, koma pepala sanaligwirepo. Zoona. Komatu tikumbukire mmene ankachitira. Mayi ankapita kukacheza kwa mnzake, n'kuona doilo lachilendo pampando, n'kulibwereka masiku awiri. Akafika kwawo ankaliyala pabondo n'kumaloza ndi chikhadabo: apa atatu, apa unyolo uwiri, apa walumpha. Kumeneko n'kuwerenga pateni, kungoti pateni yake inali yaulusi. Agogowo sankadikira kuti mwini doilo adzawagwire dzanja. Zimene tikuchita ife lero, zomuuza wophunzira ponto lililonse pakamwa, n'zotsika kuposa za agogo, pakuti pepala sitikumuphunzitsa kuwerenga, nsalunso ayi.

Mfundo imene imandiganizitsa kwambiri ndi ya amayi amene sanapite kusukulu. Pagulu langa amakhalapo nthawi zonse, ndipo ndikudziwa manyazi amene amawagwira pepala likangotuluka m'chikwama. Wina amayamba kukonza mpango kumutu, wina amakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya nyemba pamoto. Mphunzitsi wachifundo amabweza pepalalo m'chikwama kuti asawachititse manyazi. Chifundo chimenechi ndinali nacho, ndipo ndikuona tsopano kuti chinali chowaderera. Mayi yemweyu akakhala pamsika ndi matumba a mbatatesi amadziwa kuti m'thumba muli ndowa zingati, ndowa ituluka milu ingati, ndipo wogula wochokera ku Dedza akatulutsa makwacha pamalire a Calómuè, amawatembenuza kukhala mametikali m'mutu, mnyamata wa kakyuleta asanamalize kudina. Munthu wotere ndiye timuyese wolephera kuwerenga mpaka 12?

Chimene ambiri sitinauzidwe n'chakuti pateni ya kroshe ili pawiri. Pali ya mawu ofupikitsidwa, pali ya zithunzi. Ya zithunziyi sifuna alifabeti. Kadzira kamodzi ndi unyolo umodzi. Kamtanda ndi ponto lalifupi. Kandodo kokhala ndi kadenga pamwamba ndi ponto lapakati, ndipo kandodoko kakakhala ndi kamzere kodutsa pamimba, ndi ponto lalitali. Kamzere kodutsako sikokongoletsera: kamakuuzani kuti mukulunge ulusi pasingano kamodzi musanaboole, ndipo timizere tikakhala tiwiri mukulunga kawiri. Kadontho kakuda ndi ponto lotsekera mzere. Zizindikiro zisanu zimenezi zimakwana kulukira chipewa, bulangete la mwana ndi madoilo ambiri, ndipo n'zofanana pafupifupi kulikonse, kaya tsambalo lachokera ku Brazil kaya ku Japan. Ndinaonapo mayi amene satha kulemba dzina lake akuluka maluwa kuchokera patsamba lodzaza zilembo za Chijapani zimene palibe aliyense wa ife akanaziwerenga. Iye ankangoyang'ana chithunzi chapakati.

Koma sindiyamba n'kuwapatsa tsamba losindikizidwa, chifukwa pamenepo ndi pamene mantha amalowera. Sabata yachiwiri, aliyense akatha kuluka unyolo ndi mzere umodzi wa maponto aatali, ndimagawa mapensulo ndi mapepala ong'amba m'kope la masamu, la timabokosi lija. Ndimati, "Ikani kansalu kanu pambali pa pepala, mujambule zimene mukuona." Amajambula timazira m'munsi, tindodo pamwamba. Palibe amene ndamuuza kuti akulemba pateni. Akamaliza ndimasinthanitsa mapepala, aliyense aluke za papepala la mnzake. Apa ndiye pamakhala phwete, pakuti wina wajambula tindodo 9 pamene analuka 10, mnzake waluka 9 mokhulupirika, tinsalu tiwirito tikakumana sitikulingana. Amayamba kukangana kuti walakwa ndani, n'kumawerenga ndi chala, wina mu Chipwitikizi, wina mu Chingerezi cha kusukulu za ku Malawi, agogo ena mu Chichewa mpaka zisanu n'kuyambiranso. Ine ndimangokhala chete. Tsiku limenelo munthu amadziwa kuti zili papepala ndi zomwe zili pansalu, ndipo tsamba losindikizidwa likabwera sabata yotsatira amalilandira ngati kalata yochokera kwa woluka mnzake.

Kuwerenga m'zilankhulo zitatu kumeneku kukutifikitsa pa vuto limene ndi lathulathu, la anthu a m'malire. Nkhondo ya zaka 16 ija itavuta, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo a kuno ambiri anangodumpha msewu n'kukakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana ena analowa sukulu kumeneko mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Ana amenewo lero ndi amayi a zaka za m'ma 40, ndipo akaona pateni amafuna ya Chingerezi. Ana awo aakazi, amene aphunzira kuno, amafuna ya Chipwitikizi, ya corr, pb ndi pa, kutanthauza correntinha, ponto baixo ndi ponto alto, monga amamvera kwa akazi a ku Brazil pa YouTube. A ku Brazil pateni amaitcha receita, dzina lomwe lija la pepala la mankhwala lochokera kwa dokotala. Mayi wina atamva zimenezi anati, "Ndiye n'chifukwa chake siwerengeka."

Chingerezicho chili ndi msampha wake umene wagwetsa ambiri. Mawu akuti double crochet kwa a ku America ndi ponto lalitali, pamene kwa a ku Britain mawu omwewo ndi ponto lalifupi, ndipo lalitalilo amalitcha treble. Mayi wina anabwera ndi tsamba limene mchemwali wake anamubweretsera kuchokera ku Joni, lolembedwa mwa Chibritishi, koma maponto anali ataphunzira pa vidiyo ya ku America. Kajuzi ka khanda kanatuluka kotalika ngati diresi la mwana woyenda. Anawerenga bwinobwino, sanalumphe mzere, koma ulusi wa masabata awiri anaumasula. Chozindikirira chilipo: mukaona zilembo sc papepala, dziwani kuti pateniyo ndi ya ku America, chifukwa a ku Britain alibe ponto lotchedwa single crochet. Koma taganizani kumuunjikira zonsezi munthu amene dzulo lomweli amaphunzira kugwira singano. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu?

N'chifukwa chake pakhonde pathu maponto tinawapatsa mayina a Chichewa: unyolo, lalifupi, lapakati, lalitali, lotsekera. Si mayina a m'buku, tinangogwirizana tokha, ndipo gulu lina ku Furancungo kapena ku Tsangano lingakhale ndi ake. Dzina la Chichewa limamatirira ku chizindikiro, chizindikiro ku nsalu. Mayina achilendo amabwera pambuyo, chilankhulo chimodzi chokha kwa munthu mmodzi, chimene iye amachidziwa kale. Chigawo chathu chino sichiyenera kuphunzitsidwa zimenezi ndi munthu wakunja. Pakati pa 1993 ndi 1997, pamene boma linkayesa kuphunzitsa ana a pulayimale m'chilankhulo cha kwawo asanalowe m'Chipwitikizi, pa ntchito imene inkatchedwa PEBIMO, zigawo zimene anasankha zinali ziwiri: Gaza ndi Chichangana, Tete ndi Chinyanja chathuchi. Ngati mwana wa kalasi yoyamba amayamba ndi mawu a kunyumba, ine ndiyambirenji ndi pb kwa agogo ake?

Amene amatha kuwerenga zilembo ndimawafikitsa ku pateni ya mawu cha m'mwezi wachiwiri, ndipo pamenepa ndimachedwapo dala. Timatenga mzere umodzi wokha, monga uwu wa chipewa chomwe chija: *2 pa no mesmo ponto, 1 pa no seguinte*, repetir até ao fim, 36 pontos. Wina amauwerenga mokweza monga walembedwera, wina amaunena m'Chichewa: aatali awiri pamalo amodzi, lalitali limodzi potsatira, bwerezani mpaka kuzungulira, mukhale ndi 36. Wachitatu amaujambula. Tinyenyezi tiwirito ndi timene timasokoneza kwambiri, chifukwa kusukulu palibe amene anatiuza kuti nyenyezi ingatanthauze "bwerera apa". Ndimawauza kuti zili ngati kolasi ya nyimbo ya kutchalitchi, imene m'buku imalembedwa kamodzi koma timaiimba vesi iliyonse ikatha. Amayi a kwaya amagwira pompo. Chachiwiri chosokoneza ndi maunyolo atatu oyambira mzere wa maponto aatali: mapateni ambiri amawawerenga ngati ponto loyamba, ena ayi, ndipo wolemba wabwino amanena poyambirira. Amene sanaone chiganizo chimenecho bulangete lake limayamba kukula kapena kuchepa mbali imodzi ngati munda wolimidwa ndi mkangano wa malire. Nambala ya kumapeto kwa mzere ndiye ndimaikakamiza mopanda chifundo. Palibe amene amayamba mzere wina asanawerenge wathawo, ngakhale andiyang'ane ndi diso lotani.

Atsikana amandifunsa kuti zonsezi n'zachiyani pamene foni ilipo. Vidiyo sindidana nayo. Posonyeza mmene chala chimagwirira ulusi, kapena mmene singano imalowera pansi pa timaso tiwiri ta ponto, vidiyo imaposa buku lililonse, imandiposa ndi ine ndemwe chifukwa siitopa kubwereza. Koma vidiyo ya juzi imatha kutenga ola lathunthu, mamega akutha, batire likutha, ndipo kumudzi kotchajira kuli kutali. Ukaiwala mzere wa 14 uyenera kukwawa ndi chala kufunafuna pamene mayi wa ku São Paulo anaunena. Komanso wotsatira vidiyo ali ngati mayi wa ku Moatize uja: mphunzitsi wangosintha, walowa m'foni, koma wowerenga akadali wina.

Zilipo zimene pepala silingaphunzitse, ndipo ndingakhale wabodza nditazibisa. Silidziwa kuti dzanja lanu ndi lothina kapena lotayirira. Silidziwanso ulusi wathu. Wolemba pateni amatchula ulusi wa kusitolo kwawo ndi singano ya mamilimita 4, pamene ife ambiri timagula juzi pa kaunjika, zovala zimene kuno timati kalamidade, n'kulimasula, n'kukulunga mipira yopanda chikalata chilichonse. Apa mpamene chiganizo chimene aliyense amachilumpha chimagwira ntchito, chija chimati lukani kansalu koyesera ka masentimita 10 mbali zonse, muwerenge maponto. Ophunzira amadana nako kansalu kameneka chifukwa sikavalidwa ndipo sikagulitsidwa. Koma amene wakaluka amadziwa kuti ulusi wake wa kalamidade ukufuna maponto angati kuti akwane mutu wa khanda wa masentimita 34, ndipo ndikamuuza kuti pamwamba pa chipewa payenera kutambalala gawo limodzi mwa atatu a muyeso wa mutu, kuchotsako pang'ono, amatenga tepi ya telala n'kudzipezera yekha masentimita pafupifupi 11. Mapateni enanso amakhala olakwika, makamaka ongotola pa intaneti. Wodziwa kuwerenga nsalu ndi amene amaona kuti manambala sakugwirizana, ndiye chifukwa chake pensulo ndi singano ndimaziyambitsa pamodzi.

Ndivomerenso kuti njira yangayi imachedwa poyamba, ndipo yandithawitsira anthu. Wina anabwera kuti aluke shawelo ya mdzukulu wobadwa mwezi wamawa, osati kudzajambula timazira. Anapita kwa mphunzitsi wina, shaweloyo anaimaliza, ndipo sindimuimba mlandu. Munthu wofuna chinthu chimodzi mwachangu agwiridwe dzanja basi. Koma ambiri amene amabwera pakhonde pathu amafuna kupeza ya sopo ndi ya makope a ana, ndipo wogulitsa ayenera kutha kuluka chinthu chomwecho kawiri. Amayi a kwaya akaitanitsa zipewa 20 zofanana, kapena wa sitolo ku Tete akafuna zikwama khumi za muyeso umodzi, kukumbukira m'mutu sikukwanira. Chachisanu chimatuluka chachikulu, chachisanu ndi chiwiri chaching'ono, ndipo ulusi umatha zitatsala ziwiri chifukwa palibe analemba kuti chimodzi chimadya mipira ingati.

Pali china chimene timanong'onezana koma sitinena pagulu. Aphunzitsi ena pepala amalibisa dala. Wophunzira akamalipira mwezi ndi mwezi, ndipo duwa latsopano lililonse ayenera kudzalitengera m'manja mwako, ndalama siisiya kulowa. Ena amaopa kuti akapereka pateni, mawa adzapeza wophunzira atayala katundu yemweyo pamsika moyandikana nawo. Mantha amenewa ndimawamva, msika wa Ulónguè si waukulu. Koma munthu amene walipira kuti aphunzire kuluka walipira kuti tsiku lina asadzakufunenso. Mphunzitsi wosafuna zimenezo anene poyera kuti akulemba aganyu, tidziwe.

Chaka chatha, nyengo yokolola itatha, agogo ena a pagulu lathu anabwera ndi doilo lakale lachikasu atalikulunga m'kapulana. Analuka ndi malemu amayi awo, ndipo linapita nawo ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera. Pakona lina linayamba kudyeka. Anati, "Aphunzitsi, tilijambule lisanathe." Tinaliyala pa nsalu yakuda kuti maponto aoneke, atsikana awiri akuwerenga, agogowo atagwira pensulo okha, popeza anakana kuti wina awajambulire. Zinatitengera Maloweruka awiri. Pamzere wachisanu ndi chiwiri tinapeza kuti duwa limodzi lili ndi maponto 11 pamene anzake onse ali ndi 12. Atsikana anati tikonze, tilembe 12, pateni ikhale yoona. Agogo anawerenganso ndi chikhadabo, kawiri, n'kupeza 11 yemweyo. Anakhala kanthawi akuliyang'ana duwalo, kenako anajambula tindodo 11, n'kuuza atsikanawo kuti amene akufuna 12 akalembe papepala lake.